Ukwati Wanga Unadzera M'chingwe

Ukwati wanga ine sindinauone. Ndinalipo ndithu, velo ndinavala, mphete ndinalandira, koma anankungwi anali atandikhazika pansi dzulo lake n'kundiuza kuti mkwatibwi samwazamwaza maso ngati nkhuku yogula kumene. Azolike, asaseke, anthu angati mtsikanayu banja ankalilakalaka kalekale. Ndiye ndinazolika kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, khosi kuchita kuuma. Anthu akamakamba za ukwati wanga ndinkangomvetsera ngati nkhani ya eni ake.

Zina zonse ndikanapirira, koma chimodzi chinkandidya mumtima. Aliyense ankati bambo anga anavina. Bambo anga! Munthu amene anakalambira pa ukapitawo m'minda ya tiyi ku Mulanje, amene akatsokomola pakhomo ana tonse tinkangoti zii, akuti pa perekani-perekani anadzuka, n'kumanga jekete m'chiuno, holo yonse n'kuimirira. Phokosolo ndinalimva, nthungululu ndinazimva, ndinayesa kudzutsa mutu pang'ono koma nankungwi ananditsina pantchafu. Dzinja lotsatira bambo anadwala masiku ochepa n'kutisiya. Gule wawo uja anatsala malo amodzi okha, m'kaseti ya vidiyo imene wojambula wa ku Biwi ankangotiuza kuti ituluka mawa.

Mawa lakelo linatalika mpaka ine ndinaima, ndinachira, mwana anayamba kukhala pansi.

Tinkakhala ku Area 25, nyumba ya lendi yakutsogolo, yokhala ndi magetsi. Kuseri kunali kanyumba kena ka landilodi yemweyo, kopanda magetsi, m'mene munkakhala mayi wina wa ku Zomba wogulitsa mandasi. Masiku amenewo dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Munthu akagula TV ndiye kuti ndi yoonera makaseti basi, ndipo ife tinagula TV yosiyidwa ndi mzungu wina, deki yoikamo makasetiwo ayi. Inkangokhala pabalaza itafunda kansalu koluka, alendo n'kumaipatsa ulemu.

Amuna anga kwawo ndi ku Karonga. Kwathu kummwera mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ndipo wothawa apongozi amakhala mkamwini. Ine ndinakakwatiwa kumene zinthu zinatembenuka. Kumeneko mtengwa sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sawayankhula. Mukakumana panjira, ulowe patchire. Nanga mu Area 25 tchire ulipeza kuti? Ine ndinkalowa kubafa.

Ndiye apongozi anabwera kudzaona mdzukulu, atatengana ndi mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, mtsikana wochangamuka amene tauni ankaiona koyamba. Apongozi anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu wa thupi lake, wosakweza mawu. Vidiyo ija analipira ndi iwo. Atamva kuti kaseti sinatulukebe sanakalipe. Anangonyamula Baibulo lawo n'kukakhala pampando pakhomo pa wojambula uja, aliyense wolowa n'kumamupatsa moni ndi kumufotokozera chimene akudikira. Lachisanu masana anabwera kaseti ili m'thumba la jekete.

Ndinalumpha kukhitchini ngati mwana. Koma chimwemwe changa chinali cha kanthawi, poti mlamu anabwera ndi uthenga wonse. Kaseti ipita ndi apongozi ku Karonga pa basi ya Loweruka madzulo, abale amene sanafike ku ukwati akaonere. Ina yofanana nayo kulibe. Ine ndinadziwiratu kuti ikakwera basi imeneyo idzayenda nyumba ndi nyumba mpaka deki ya eni idzaitafune. Deki yoonerapo tinabwereka kwa bambo wina woonetsa mafilimu ku Mgona, ndipo iye ananeneratu kuti aibweretsa Loweruka masana, koma dzuwa likapendeka aitenga, anthu ake amakhala akudikira. Kasetiyo inali yaitali, yongokwana kuionera kamodzi. Pabalaza pakhala apongozi ndi akuluakulu anzawo a mpingo.

"Nanga ine?" ndinawafunsa amuna anga atandipeza ndikutsuka mbale kuseri. "Ukwati ndi wanga, bambo ndi anga, ndiye ndikaonere kubafa?"

"Mayi a mwana, mtima pansi," iwo anatero. "Mwaiwala ntchito yanga?"

Ntchito yawo inali yokoka zingwe zolumikiza makompyuta m'maofesi ku City Centre, ndipo ankainyadira ngati ndi iwo anayambitsa magetsi. Madzulo omwewo anatulutsa zidutswa zitatu za chingwe chakuda zotsala kuntchito, ndi kabokosi kakang'ono kogawira chithunzi pawiri. Mayi wa mandasi anali ndi ka TV kakang'ono kosaonetsa mitundu, koyendera batire la galimoto, kamene amuna awo anasiya popita ku Joni. Nzeru inali yoti deki ikhale pabalaza, chingwe chituluke pazenera, chidutse pabwalo m'mwamba, chikalowe kanyumba ka kuseri. Amuna aonera kutsogolo, akazi kuseri, ukwati umodzi, mwambo osaphwanyidwa. Ndinawayang'ana amuna anga tsiku limenelo n'kuona kuti sindinalakwitse kusankha.

Chidutswa choyamba anachibisa pansi pa kapeti ya pabalaza apongozi atapita kokayenda. Abwana awo ankawalola kutenga zotsala, koma apongozi mfundo yawo inali yoti katundu wa kuntchito amagona kuntchito, ndipo mwana wawo, ngakhale anali ndi ndevu, ankawaopabe.

Loweruka ndinasamba molawirira, ndinavala chitenje chatsopano, tsitsi ndinawotcha. Kanyumba ka kuseri kanadzaza. Kunabwera azimayi a kwaya akumpoto, anzanga a kumpopi, ena ongomva kuti kuli vidiyo. Mayi wa mandasi anatulutsa beseni lonse la mandasi nati lero sagulitsa. Kutsogolo tinamva apongozi akupemphera, poti kwa iwo ngakhale kaseti inkayamba ndi pemphero. Titamva ameni tonse maso anali pa ka TV kaja.

Kutsogolo kunamveka "Eee!" ndi kuwomba m'manja. Kwathu kunangotuluka timadontho toyera ndi takuda tothamangathamanga, ndi phokoso ngati mafuta akulira m'chiwaya.

"Mpungatu uwu," anatero mayi wa mandasi. "Ukwati wake mwayamba ndi mpunga?"

Azimayi anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamutuma mlamu kuti akawakodole achimwene ake pakhomo, ndipo amuna anga anabwera akumwetulira, pulayala ili m'thumba.

"Kutsogolo zikuoneka bwinobwino," anatero.

"Ndiye ndivine? Kawauzeni aimitse kaseti mpaka mukonze."

"Aaa, mayi a mwana, ndani akawauze? Pakati pa akuluakulu aja pali abusa opuma. Komanso mwini deki wakhala pakhonde, maso ali pawotchi."

Ndiye kuti ukwati wanga unkapitirira popanda ine kachiwiri. Mawu a TV yakutsogolo ankamveka pabwalo ponse, kwaya ikuimba nyimbo yolowera m'tchalitchi. Ndinawerengera mumtima kuti kutsala ulaliki, malumbiro, zithunzi, ulendo wa kuholo, kenako perekani-perekani. Ulaliki wa tsiku limenelo unanditopetsa ndili m'velo, koma Loweruka ili ndinathokoza Mulungu chifukwa cha abusa olalikira motalika.

Amuna anga anagwada kuseri kwa ka TV kaja n'kuyamba kufotokoza, poti iwo sangagwire ntchito osaphunzitsa. Anati chithunzi chimachoka mu deki chili ndi mphamvu, koma chikamayenda m'chingwe chimanka chifooka. Chingwe chikatalika chimafika chitatopa. Paliponse pamene zingwe zalumikizana chimasiyapo mphamvu pang'ono. Pakalowa madzi, kapena chingwe chikapindika kwambiri, kapena chikaphwanyika, ndiye chimathera pomwepo. Kuti deki ndi yabwino tikudziwa, poti kutsogolo akuonera. Ndiye vuto lili penapake pakati pa deki ndi ife, ndipo tilisaka pang'onopang'ono.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anamaliza motero.

"Nkhono yanuyo ilibe basi yoti ikwere madzulo," ndinayankha. "Gwirani ntchito."

Anatsata chingwe ndi dzanja kuchokera pa TV, ndipo chinatilowetsa kunsi kwa bedi la mayi wa mandasi. Kumeneko anatulutsa mkulunga wa chingwe wokwana kufika kumsewu n'kubwerako. Anali ataukankhira kumeneko okha dzulo lake, ati chingwe chabwino sadula chisawawa.

"Ndiye chithunzi changa chikuzungulira kunsi kwa bedi la eni?" ndinafunsa. "Dulani!"

Anadula nkhope ili ndwii ngati akudula chala chawo, n'kulumikizanso. Mumpunga muja munayamba kuoneka zinthu ngati mithunzi, ina yaitali ina yaifupi. Azimayi anayamba kukangana. Wina ankati ameneyo ndi m'busa, wina ankati ayi ndi chitseko. Mlamu ankathamanga kukasuzumira pakhomo lakutsogolo n'kubwera ndi nkhani. "Alamu, mwaimirira! Alamu, achimwene akunjenjemera, mphete yakana kulowa!" Kenako pabwalo ponse panamveka kamawu kanga kakulumbira, kakang'ono ngati ka mwana wa sukulu, ndipo azimayi anagwa nako kuseka.

"Pakamwa ponse paja panali kuti tsiku limenelo?" anandifunsa mayi wa mandasi.

Tinatuluka panja kutsata chidutswa chachiwiri, chodutsa m'mwamba. Titakweza maso, amuna anga anangogwira m'chiuno. Kuyambira pa mtengo wa gwafa mpaka pa ngodya ya nyumba, chingwe chonse chinali mbee ndi matewera. Anali atayanikidwa bwino, mwadongosolo, akudontha madzi, chingwe chitawerama pakati ndi kulemera.

"Wayanika apa ndani?"

Mlamu anabwera kutsogolo monyadira. "Ndine, achimwene. Ndinati ndiwathandize alamu kuchapa. Ndipo mwachita bwino kumanga chingwe cholimba, chija chakale chimadetsa zovala ndi dzimbiri."

Koma abale! Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Mwana wa eni anadzuka m'mamawa kundichapira matewera a mwana wanga. Ndinangoluma mano n'kuyamba kuwanula, azimayi onse n'kundithandiza, wina pamutu, wina paphewa, kuseka kuli pakamwa. Pamene chingwe chinawerama kwambiri ndi pamene panali polumikizira, pokulungidwa ndi tepi yakuda, pamwamba pake kapepala ka shuga kotchingira mvula. Madzi a matewera anatsetsereka ndi chingwe n'kudzaza m'kapepalamo. Amuna anga atakamasula, madzi anachita kuwathira kumaso.

Anakwera pa ndowa yovundikira, nadula mbali zonse zonyowa, nayamba kusenda. Anandionetsa m'kati mwake: waya mmodzi wonenepa pakati, wokutidwa ndi pulasitiki yoyera, kunja kwake ukonde wa timawaya tating'ono.

"Awiriwa amayenda limodzi ulendo wonse," anatero, "koma asakhudzane, asayandikane. Kawaya kamodzi kakangokhudza wapakatiyu, zonse zada."

"Ngati ine ndi bambo anu."

Anaseka mpaka ndowa kugwedezeka, ndipo ndinachita kuwagwira miyendo kuti asagwe. Atamanga bwino tinathamangira m'kanyumba muja. Tsopano anthu ankaoneka kuti ndi anthu. Chovala choyera chinkadziwika, masuti ankadziwika, koma nkhope kunalibe, ndipo chithunzi chinkagudubuzika kukwera m'mwamba. Ndikanati ndione bambo anga chonchi, sindikanawasiyanitsa ndi munthu wina aliyense wovala jekete. Kutsogolo kwaya inali ikuimba nyimbo yotulukira.

"Basi, zongoganizira zatha," anatero amuna anga. "Tinyamule TV tiziyesa polumikizira paliponse. Pamene chithunzi chioneke bwino, ndiye kuti vuto talisiya kumbuyo. Chikakhala chimodzimodzi, vuto lili kutsogolo, tipitirire."

Ndani akanaletsa? Ndinapinda nkhata, ka TV pamutu, mwana kumsana. Batire tinalikweza pa wilibala, woyendetsa mayi wa mandasi, mlamu atagwira timawaya ta batire kuti tisaduke. Pambuyo pathu azimayi a kwaya, ena matewera akadali paphewa. Ana a nyumba zoyandikana anakwera pampanda kudzaonerera. Munthu wina wodutsa ndi njinga ya makala anaima n'kufunsa ngati tikusamuka.

Pa gwafa paja amuna anga anamasula pomwe anali atangomanga, nalumikiza ka TV mwachindunji. Chimodzimodzi, anthu opanda nkhope. Ndiye kuti chidutswa cholowa kuseri chinalibe mlandu. Kunatsala polumikizira pamodzi, pansi pa zenera la pabalaza penipeni, ndipo kuseri kwa zeneralo kunali apongozi. Ndinatsitsa TV pamutu, ndinayenda chowerama m'mbali mwa khoma ngati wakuba nkhuku, ndinakagwada pansi pa zenera. Azimayi onse anatsitsa mawu. M'kati munkamveka mahutala a galimoto, ulendo wa kuholo unali utayamba.

Analumikiza. Tinayang'ana. Chimodzimodzi.

Ine ndinali nditaphunzira kale mokwanira kuti ndimvetse. Chingwe chonse cha pabwalo chinali bwino tsopano. Chotsala chinali chidutswa chachifupi chija, chochokera pa deki kufika pazenera, chobisidwa pansi pa kapeti. Amuna anga anadzuka pang'onopang'ono, nasuzumira pakona ya katani, nabwerera pansi thukuta lili kamukamu.

"Mpando," ananong'ona.

"Mpando wachita chiyani?"

"Uja wa miyendo yachitsulo tinabwereka kwa alandilodi. Akuluakulu aja ausunthira pakati kuti bambo aone bwino. Mwendo wakumbuyo waponda pachingwe penipeni."

"Ndiye kawauzeni asunthe."

"Ndiyambire pati? Ndikawadzutse bambo pamaso pa abusa? Afunsa chifukwa. Ndivundukule kapeti, aone chingwe cha kuntchito chili m'nyumba mwanga?"

"Ndiye mukuopa kukalipiridwa?"

Munthu amene ankakwera m'madenga a maofesi osaopa kugwa anangokhala pansi akupotokola pulayala m'manja. M'kati woyendetsa mwambo anali atayamba kufuula pa chimkuzamawu kuti akuchimuna afupe, akuchikazi akonzeke. Mawu amenewo ndinkawakumbukira bwino. Akatha akuchimuna, phokoso lija liyamba.

Mtima unandiwawa, abale, ndipo ndinapsa mtima nthawi yomweyo. Kulowa sindikanalowa. Kuwaitana apongozi sindikanawaitana, mlandu wake ukanafika ku Karonga ine ndisanadzuke pomwe ndinagwadapo. Misozi inayamba kutsika, mwana kumsana naye anayamba kudzinyongola. Pomumasula kuti ndimuyamwitse ndi pamene nzeru inandifikira. Sabata yonse apongozi akafuna kanthu kwa ine ankayankhula ndi khandalo. Ankalinyamula pakhonde n'kunena mokweza kuti, "Mwana iwe, kodi madzi osamba atentha?" Ine kukhitchini ndinkamva n'kutumiza madzi. Kuyankha ndinali ndisanayankhepo, ndipo sindinkadziwa ngati njira imeneyo imalola kubwerera.

Ndinamukhazika mwana pamiyendo, msana wanga utatsamira khoma, ndinakonza kukhosi. Amuna anga anatukula dzanja kuti andiletse, ndinawayang'ana kamodzi, dzanja linatsika.

"Mwana iwe," ndinayamba, mawu okwera. "Kawauze agogo ako kuti amayi ako ukwati wawo sanauone, anazolika tsiku lonse. Uwauze kuti agogo ako ena aja, amene sunawapeze, atsala pang'ono kuvina. Ndiye chingwe chimene akudzera kuti afike kwa ife kunja kuno chapondedwa ndi mpando."

Mwana anandiyang'ana, nagwira mphuno yanga. Pabalaza kuyankhula konse kunaleka, kunangotsala nyimbo ya mu TV. Azimayi a kwaya anagwira pakamwa. Mlamu maso anali tong'o. Ndinati basi, ndalakwira mtundu wonse, mawa andiperekeza ku Mulanje.

Kenako mawu a apongozi anatuluka pazenera, odekha monga mwa masiku onse.

"Mwana iwe, uwafunse amayi ako. Mpando wake uti?"

"Uwauze kuti umene akhalirawo."

Tinamva chitsulo chikukhuluzika pasimenti. "Imitsani ukwatiwo," anatero apongozi, ndipo nyimbo inaduka. Mwini deki analowa kuchokera pakhonde akudandaula kuti nthawi yatha, anthu ake ku Mgona akhala akudikira filimu ya karate.

"Akaratewo amenyana ndithu ngakhale muchedwe," anamuyankha apongozi. "Khalani pansi. Mwana wanga ali kuti?"

Amuna anga analowa. Zotsatirazo ndinangozimva ndi makutu: kapeti kuvundukulidwa, kenako funso lija ankaliopa.

"Chingwe ichi n'cha ndani?"

"Bambo, n'zotsala, abwana anati..."

"Nkhani imeneyo tikamba popita ku depoti. Pano konza."

Pamalo popondedwapo chingwe chinali chitaphwatalala ngati lamba. Sichinaduke, n'chifukwa chake mithunzi inkadutsa, koma waya wapakati ndi ukonde uja zinali zitafinyikira pamodzi. Anadula pamenepo, nasenda, nalumikiza, manja akuthamanga kuposa tsiku lina lililonse. Ife kunja sitinaganizenso zobwerera kuseri. Ka TV tinakaika pa wilibala pambali pa batire, azimayi anayala zitenje pansi pomwepo m'mbali mwa khoma, beseni la mandasi linabwera. Amuna m'kati, akazi kunja, pakati pathu njerwa.

"Yatsani," anatero apongozi.

Mpunga uja unangoti balala, ndipo pagalasi panatuluka holo, mabaluni, tebulo lalitali, anthu okhala ndi maso ndi mphuno. Azimayi analuluta mpaka agalu a kwa aneba kuuwa.

"Mwana iwe," mawu aja anabweranso pazenera, "zafika?"

"Uwauze kuti zafika."

"Nkhope zikuoneka?"

"Uwauze kuti mpaka mano."

M'kati amuna anaseka, ndipo kuseka kwa apongozi ndinakumva koyamba tsiku limenelo, kwakuya, kochokera m'mimba. Ndinadziona ndekha pagalasi nditakhala kutebulo, mutu pansi ngati wolira maliro, nankungwi pambali panga ali tcheru. Ndinaona keke, ndinaona azakhali anga akubisa nyama m'chikwama, ndinaona mayi anga akupukuta misozi ndi mpango. Zonsezi zinachitika pamphuno panga ine osadziwa. Akuchimuna anafupa, anavina mwaulemu wa ku mpingo, anakhala pansi. Woyendetsa mwambo anaitana akuchikazi.

Ndiye anadzuka.

Anadzuka pang'onopang'ono monga ankachitira kunyumba, nkhope ili gwa, ngati akupita kukakalipira munthu. Anavula jekete, analipinda bwinobwino m'litali, analimanga m'chiuno. Anaima kaye kumvetsera nyimbo. Kenako phewa limodzi linagwedezeka, linzake linayankha, chiuno chinatsatira, ndipo bambo anga, kapitawo wa minda ya tiyi, anatsetsereka kulowa pakati pa holo chammbali ngati mnyamata. Mayo ine! Miyendo ija inkaponda mwaukali pobwera kuntchito inali yopepuka. Anazungulira, anatsika mpaka mawondo kutsala pang'ono kugunda pansi, anakweranso akuseka, mpata wa dzino lawo lochoka uli poyera. Pabwalo pathu panali chipwirikiti. Mayi wa mandasi anadzuka n'kuyamba kuwatsanzira, azimayi a kwaya akuwomba m'manja, mwana pamiyendo panga akudumphadumpha.

Ine ndinkaseka misozi ikutsika, osaipukuta poopa kuphonya kanthu. Ndipo ndinaona chimene palibe anandiuzapo. Bambo sankavinira anthu. Anthu anali kumbuyo kwawo. Gule yense uja ankayang'ana kutebulo, kwa ine. Ankabwera chovina mpaka patsogolo panga, n'kuwerama, n'kupendeketsa mutu kusuzumira kunsi kwa velo kuti mwina ndiwaona, n'kubwerera, n'kubweranso. Mwana wawo anali atazolika monga anamulangizira. Pomaliza anaponya ndalama m'mbale, anagwedeza mutu akumwetulira, nabwerera kumpando wawo.

Sindinathe kudzigwira. Ndinalira mokweza, pansi pa zenera la apongozi, mwambo kapena ayi. Mayi wa mandasi anasiya kuvina n'kudzandigwira paphewa.

"Mwana iwe," anatero apongozi patapita kanthawi, mawu atatsika. "Uwauze amayi ako adzutse mutu. Tikubweza kumbuyo."

Mwini deki sanatsutse. Kaseti inalira pobwerera, ndipo bambo anga anadzukanso, anavulanso jekete. Ulendo uno ndinawayang'ana m'maso nthawi yonse, ndipo pamene anawerama kusuzumira, ndinali ndikuwaona.

Mlamu, amene anali atakwera pa njerwa kusuzumira pazenera, anatsika n'kundinong'oneza.

"Alamu, m'katimu palibe wakhala pansi. Bambo sanabwerere pampando, ndiye abusa ndi akuluakulu onse aimirira."

"Akuopa kupondanso chingwe?"

"Ayi, chingwe achimwene achichotsa pamenepo. Bambo akuti mnzawo ali pabwalo akuvina, iwo sangaonerere atakhala."